Kwanu kuja akhoza angati?

Zotsatira za MSCE zikangotuluka, funso limene ndimalandira kwambiri, kaya ndi kutchalitchi, pa WhatsApp kapena kwa alamu anga, limakhala limodzi: "Madamu, kwanu kuja akhoza angati?" Wofunsayo safuna nkhani yaitali. Amafuna nambala yoti akaiyerekeze ndi ya sukulu yamishoni kumene kuli mwana wa achemwali ake. Nambalayo ndimamuuza, si yachinsinsi, imamatidwa pakhoma la ofesi kuti aliyense aione. Zaka zambiri imakhala pansi pa ya dziko lonse, ndipo munthu akaimva amangoti "aaa, pepani," ngati ndamuuza za maliro.

Ndiye lero ndati ndiyankhe mofatsa, kuti wina akadzandifunsanso ndidzangomutumizira zimenezi.

Ine ndimaphunzitsa Chingerezi pa sukulu ina yaboma ya CDSS kuno ku Blantyre, mbali ya kumunsi kwa phiri la Soche. Dzina sinditchula, ndingadzaitanidwe ku ofesi kwa a hedi Lolemba m'mawa. M'mawa timaphunzitsa ana amene boma linawasankha atalemba mayeso a Sitandade 8. Iwowa akaweruka, cha m'ma 2 koloko, m'zipinda zomwezo ndi pa madesiki omwewo mumalowa anthu ena. Amenewa ndi a sukulu ya open, imene akuluakulu ambiri amaitchabe night school ngakhale kuti ife timaweruka dzuwa lisanalowe. Ndi sukulu yaing'ono, kalasi imodzi pa fomu iliyonse. Ili ndi kaundula wakewake, fizi yakeyake ndi mphunzitsi woiyang'anira, ndipo kwa nthawi ndithu tsopano kaundulayo wakhala akugona m'kabati yanga. Zimene ndilembe panozi ndazitenga m'menemo, zina ndaziona ndi maso angawa.

Sukulu zamtunduwu sizinayambe dzulo. Mu 1965 boma linatsegula Malawi Correspondence College kuti amene asowa malo ku sekondale aziphunzira ndi timabuku totumizidwa pa positi. Kolejiyi ndi imene pambuyo pake inadzatchedwa Malawi College of Distance Education, MCDE, ndipo likulu lake lili konkuno ku Chichiri. Amalume anga anapeza JCE yawo mwanjira imeneyi, akuwerenga timabukuto, totchedwa maseti, pa nyali ya palafini. Malo ophunzirira a MCDE ankatchedwa ma DEC. Pulayimale itakhala yaulere mu 1994, nthawi ya a Bakili Muluzi, chiwerengero cha ana chinadumpha kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika cha pa 3 miliyoni m'chaka chimodzi, ndipo aliyense ankaona kuti khamu limeneli lidzagogoda pa chitseko cha sekondale. Mu 1998 ma DEC aja anasandutsidwa ma CDSS, nayamba kulandira ana osankhidwa ndi boma. Koma osasankhidwa sanathe ayi. Anangosunthidwa kuchoka m'mawa kupita masana. Sukulu ya open ndi ya anthu omwewo amene MCDE inayambitsidwira kalelo, otsala pa selekishoni, kungoti masiku ano awonjezekerapo ena ambiri.

Amene amadzaza Fomu 1 ndi Fomu 2 ndi ana enieni, a zaka 14, 15, 16. Mayeso a PSLCE anakhoza, satifiketi ali nayo, koma dzina lawo silinatuluke. Makolo ambiri samvetsa kuti kukhoza ndi kusankhidwa ndi zinthu ziwiri. Selekishoni imayambira ku sukulu za national ngati Blantyre Secondary School, kenako zogonera za m'maboma, kenako zoyendera, kumalizira ma CDSS, ndipo malo akatha, atha basi. Mwana wa open ndi amene anatsala malo onsewo atadzaza, ndipo kwawo ndalama ya pulaiveti yooneka bwino kunalibe. Ndisabise, ambiri a iwowa amafika ku Fomu 1 ali kale m'mbuyo. Ukamuuza awerenge ndime imodzi ya Chingerezi mokweza, thukuta kamukamu. Koma mwa iwo mulinso ana anzeru zoopsa, amene anadwala malungo sabata ya mayeso, kapena anachokera ku pulayimale za m'tauni muno kumene kalasi imodzi imakhala ndi ana oposa 100 ndipo wokhala kumbuyo samva chimene mphunzitsi akunena. Vuto lalikulu la gulu limeneli ndi m'mawa. Mtsikana woti sukulu ayamba 2 koloko, kunyumba amamuona ngati alibe chochita. Atunge madzi ku kiyosiki, achape, akagulitse mandasi pamsewu, aphike nsima ya masana, kenako athamange. Akamakhala pa desiki watopa kale. Mnyamata yekha m'mawa wonse ali pa kawoshi kapena pa pool, ndipo tsiku limene wapezako ndalama yabwino kusukulu sabwera.

Ukafika ku Fomu 4, nkhope zimasintha. Pa sukulu wamba kalasi imachepa ukamakwera, koma kwathu Fomu 4 ndi imene imakhala yaikulu kuposa zonse, mpaka kukabwereka mabenchi. Chifukwa chake ndi obwereza. Awa anaphunzira kwina, ena m'sukulu zamayina ndithu, analemba MSCE koma sizinawakomere. Wina ali ndi mapointi 28 ndipo akufuna atsike pansi pa 20 kuti a NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba, amuone pa selekishoni ya yunivesite. Wina zonse anakhoza bwino, masamu 3, Bayoloji 4, koma Chingerezi anapeza 7. Amenewa silabasi anaimaliza kale, ali ndi manotsi awo, amadziwa mmene pepala la MANEB limaonekera, ndipo amakhala kutsogolo kufunsa mafunso amene nthawi zina amatiyendetsa mutu ife aphunzitsi. Iwowa ndi amene amanyamula peresenti yathu. Chaka chimene obwereza abwera ambiri, zotsatira zimakwera, a komiti n'kutiyamikira. Chaka chimene apita kwina, zimagwa, n'kutiitanira msonkhano. Ife aphunzitsi tili omwewo, choko chomwecho, kaphunzitsidwe komweko.

Gulu limene ndimalikonda, ndipo sindibisa, ndi la akuluakulu apantchito. Muli alonda, antchito a m'nyumba a ku Namiwawa ndi Sunnyside, amesenjala, okolopa m'maofesi, a kabaza, amayi a geni ya tomato ndi kaunjika. Ena ndi a zaka za m'ma 30, ena apitirira 40. Anasiya sukulu kalekale, mwina Fomu 2 bambo atamwalira, ndipo chawabweza ndi pepala. Kuntchito kwatuluka mpata wokwezedwa koma akufuna MSCE. Munthu ntchitoyo amaidziwa kuposa mwana amene adzam'lamulire, koma satifiketi alibe.

Ndinali ndi bambo ena, mlonda wa usiku pa fakitale ina ku Makata. Ankaweruka m'mawa, kugona pang'ono, kubwera m'kalasi 2 koloko, ndipo 5 koloko ikakwana ankavala jekete la yunifolomu pakhomo la kalasi pomwepo n'kuthamangira minibasi. Nsapato zawo zinali zopolishidwa tsiku lililonse, makope okutidwa ndi pepala la khaki. Tsiku lina tikuphunzira ndakatulo anakweza dzanja.

"Madamu, pepani. Ine kalata yofunsira ntchito ndimatha kulemba, lipoti la usiku ndimalemba tsiku ndi tsiku. Koma izi zoti ndifotokoze maganizo a mlakatuli, abwana anga sadzandifunsa."

Ndinati, "Zoona bambo, abwana anu sadzakufunsani. Koma a MANEB a ku Zomba adzakufunsani mu Julayi."

Kalasi yonse inaseka, iwonso anaseka, n'kutsegula kope. Chaka choyamba Chingerezi anapeza 9. Anabwerera, chaka chachiwiri anapeza 7, ndipo satifiketi inatuluka. Pa pepala la pakhoma lija, bambowa anaoneka kawiri: koyamba ngati mmodzi mwa amene anatigwetsa, kachiwiri ngati munthu wa mapointi oposa 40 amene palibe angamutchule pa wailesi. Koma pano amagwira ntchito ya masana, ndipo ana awo amawaona akugona kunyumba usiku.

Palinso atsikana amene anabereka. Lamulo lowalola kubwerera kusukulu lilipo kuyambira 1993, ndipo pa pepala mwana akhoza kubwerera pa malo ake a m'mawa. Ambiri sabwerera kumeneko. Amaopa pakamwa pa anzawo, ndiponso m'mawa palibe womusiyira khanda. Masana agogo ake kapena aneba amakhala abwerako kumsika. Ndiye amabwera kwathu, kumene woyandikana naye pa desiki ndi mayi wa ana atatu amene sangamuseke. Amenewa amalimbikira kuposa aliyense, koma amajomba kuposanso aliyense, chifukwa mwana akatentha thupi sukulu imaima. Mu Fomu 1 atsikana amakhala ochuluka mofanana ndi anyamata, nthawi zina kuposa. Pofika Fomu 3 ambiri a amene tinayamba nawo sakhalapo, ndipo malo awo amalowamo ndi amayi achicheperewa.

Za mitundu sindichedwapo, poti ndi Blantyre. Mayina a m'kaundula akuuza okha: Alomwe a ku Thyolo, Mulanje ndi Phalombe, Ayao a ku Chiradzulu ndi Mangochi, Amang'anja ndi Asena a ku Chikwawa ndi Nsanje, Angoni a ku Ntcheu, apo ndi apo Mtumbuka amene bambo ake anabwera pa transifa. Onse amalankhula Chichewa cha m'tauni, ndipo pa zotsatira sindinaonepo kuti mtundu ukusiyanitsa kanthu. Chimene chimatikhudza kwambiri ndi chipembedzo, osati pa nzeru koma pa ndandanda wa nthawi. Lachisanu Asilamu amafika mochedwa kuchokera ku mzikiti, ndipo tikaika makalasi owonjezera Loweruka, a Seventh Day sabwera. Tikawaika Lamlungu masana, a kwaya ndi a Mvano amadandaula. Chinanso ndi lendi. Pafupifupi onse amakhala m'nyumba za lendi ku Chilobwe, Manja, Zingwangwa, Chimwankhunda ndi Misesa. Landilodi akakweza nyumba, banja limasamukira ku Machinjiri kapena ku Bangwe, ndipo mwana timangoona kuti wasowa. Transifa satenga, satsanzika.

Tsopano za mayeso enieniwo, chifukwa ambiri amene amandifunsa za peresenti sadziwa kuti kukhoza MSCE kumatanthauza chiyani. Phunziro lililonse amapatsa giredi kuyambira 1 mpaka 9. Giredi 1 ndi 2 ndi distinkishoni, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi pasi, 9 walephera. Kuti satifiketi ituluke, ayenera kukhoza maphunziro asanu ndi limodzi, limodzi mwa iwo likhale kirediti, kapena akhoze asanu koma atatu akhale makirediti. Njira zonse ziwirizi, Chingerezi chiyenera kukhalapo. Ukapeza 9 m'Chingerezi, ngakhale masamu upeze 1, satifiketi palibe. Ku yunivesite yaboma amafuna makirediti asanu ndi limodzi, Chingerezi chomwe, ndipo mapointi aja amawerengera pa maphunziro asanu ndi limodzi amene wakhoza bwino koposa. N'chifukwa chake wa mapointi 6 amatuluka m'nyuzipepala.

Mukuona kuti mpeni uli m'manja mwa phunziro langa. Ndikatenga pepala la zotsatira n'kuyang'ana olephera mmodzimmodzi, ambiri sanalephere zonse ayi. Chichewa akhoza, Agirikacha akhoza, Baibulo akhoza, Social akhoza, koma m'danga la Chingerezi muli 9. Ndipo sizodabwitsa. Mwana wa ku sukulu yogonera amamva Chingerezi kuyambira belu la m'mawa mpaka pulepu ya usiku, laibulale ili pompo. Wanga amachimva kwa ine mphindi 40, mwina katatu kapena kanayi pa sabata, kenako amabwerera kumsika. Mayeso amafuna alembe chimangirizo, afupikitse nkhani, apange manotsi kuchokera m'ndime yaitali, ayankhe za mabuku a literature amene m'kalasi mwathu buku limodzi amagwirizira anthu ambirimbiri. Pomwe pamapweteka kwambiri n'poti maphunziro ena onse, kupatula Chichewa, amafunsidwa m'Chingerezi chomwecho. Mayi amene walima chimanga moyo wake wonse amalakwa funso la Agirikacha chifukwa sanamve chimene funsolo likufuna, osati chifukwa sadziwa kuthira feteleza.

Onjezanipo nkhani ya maola. Ana a m'mawa amayamba 7:30 mpaka cha m'ma 2. A open ali ndi maola atatu okha, pa silabasi yomweyo ndi pepala la mayeso lomwelo. Aphunzitsi ake ndi ife tomwe amene taima pa bolodi kuyambira m'mawa, mawu atasasa kale. Nthawi ya dzinja mvula ya masana ikayamba kugunda pa malata, palibe amamva mnzake, ndipo mitambo ikada m'kalasi mumachita mdima bolodi osaoneka. Labu ndi imodzi, mankhwala ake ndi ochepa, ndipo amayamba asungira a m'mawa. Mwana wa open nthawi zambiri amagwira zipangizo za pulakitiko ya Kemisitiri koyamba patangotsala masabata ochepa kuti alembe.

Nkhani ya ndalama ndiyo imene anzanga sakonda kuti ndiziitchula. Ophunzira a open amalipira fizi temu iliyonse, ndipo ndalama imeneyo ndi imene imalipira aphunzitsi pa maola owonjezerawa. Tanthauzo lake n'lakuti mutu uliwonse wolowa pakhomo ndi ndalama. Palibe amabwezedwa. Munthu akabwera ndi lipoti la kusukulu ina losaoneka bwino n'kunena kuti akufuna Fomu 4, amalowa Fomu 4, ngakhale aliyense akuona kuti akanayenera kuyambira Fomu 3. Mwini wakeyo safunanso kumva zobwerera m'mbuyo, poti chaka chilichonse chowonjezera ndi fizi ina. Mbali ina ya nkhani yomweyi ndi yakuti amene sanamalize kulipira amabwezedwa kunyumba pakati pa temu, n'kudzabwera patatha masabata atatu malipiro a mwezi atatuluka, mitu iwiri ya silabasi itadutsa. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndinaziona m'kaundula temu yotsatirayo. Oyamba kusowa anali akuluakulu, chifukwa iwo amasankha pakati pa fizi yawo ndi fizi ya ana awo, ndipo kholo lililonse mukudziwa limasankha chiyani.

Pali zaka zina zimene ngakhale peresenti ya dziko lonse imafotokoza nkhani. Mu 2020 sukulu zinatsekedwa pa 23 Malichi chifukwa cha Covid-19, ndipo a Fomu 4 anabwerera mu Sepitembala. Atayamba kulemba, mayeso anabedwa, likasa linali ponseponse pa mafoni, ndipo mu Novembala boma linawathetsa. Anakalembanso mu Januwale 2021, ndipo dziko lonse anakhoza anali pafupifupi 41 pa 100 alionse. Kwa mwana wa sukulu yogonera, kuthetsedwa kwa mayesoko kunali kubwerera kunyumba n'kukawerenganso. Kwa wantchito wa m'nyumba amene anachita kugwada kuti abwana amupatse tchuthi cha mayeso, kunali kukagwadanso kachiwiri, ndipo ena sanapatsidwe. Mu 2023 temu inachedwa kutsegulidwa mu Januwale kuno ku Blantyre ndi ku Lilongwe chifukwa cha kolera. Tisanapume, mu Malichi namondwe wa Freddy anagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche kukwirira nyumba ku Chilobwe. Amenewo ndi makwawo a ophunzira athu. Sukulu zinatsekedwa, zambiri zinasanduka misasa ya anthu othawa madzi. Ena mwa a Fomu 4 anabwerera opanda kope ngakhale limodzi, manotsi a zaka zinayi atapita ndi matope, ena atataya abale. Chaka chimenecho dziko lonse linakhoza pafupifupi 54 pa 100. Ife tinali pansi pa pamenepo, ndipo amene anandiuza "pepani" chaka chimenecho sanafunse kuti anawo ankagona kuti mu Epulo.

Koma chimene chimandivuta kwambiri pa peresentiyi ndi amene siwawerengera n'komwe. Imatenga amene akhoza n'kugawa ndi amene analemba. Amene anayamba Fomu 1 n'kusowa mu Fomu 2, mulibemo. Amene anafika Fomu 4 koma anasiya mayina asanatumizidwe ku MANEB, mulibemo. Ndikatenga kaundula wa Fomu 1 wa zaka zinayi zapitazo n'kumuika pambali pa mndandanda wa olemba MSCE, mayina opezeka monsemo ndi ochepa moti ndimachita manyazi. JCE itachotsedwa kwa zaka zingapo zija, osiyira panjirawa ankachoka manja ali m'thumba, opanda pepala lililonse la sekondale. Itabwezedwa mu 2021 ine ndinali mmodzi mwa okondwa, chifukwa kwa ambiri a ana anga JCE ndiyo satifiketi yomaliza imene adzaigwire.

Ndipo poti peresenti imangowerengera olemba, kuikometsa n'kosavuta. Aliyense amene waphunzitsapo akudziwa mmene zimachitikira m'sukulu zina, makamaka zimene zimakopa makolo ndi zikwangwani. Mayeso oyeserera akachitika, ofooka amawaitana pambali n'kuwauza kuti akalembetse kwina ngati ma external, kapena adikire chaka chamawa. Otsalawo akakhoza onse, chikwangwani chimalembedwa 100 peresenti. Nanga okanidwa aja amapita kuti? Amabwera kwathu, ku open, kumene sitibweza munthu. Ndiye 9 wawo amalembedwa pa dzina lathu, pamene sukulu imene inadya fizi yawo zaka zitatu ikuvina pa Facebook. Munthu akamayerekeza nambala yathu ndi yawo, azidziwa kuti mbali ina ya nambala yawoyo ndi ife tinawasenzera.

Musaganize kuti ndikuyeretsa aphunzitsi a open. Zina ndi zathu ndithu. Alipo amene m'mawa amaphunzitsa mwamphamvu chifukwa a hedi ndi oyendera sukulu akuona, koma masana amangopatsa mwana mmodzi buku kuti akopere anzake manotsi pa bolodi, iwo ali pansi pa mtengo ndi foni. Alipo amene amasunga mitu yovuta kuti akaiphunzitse pa patitayimu yolipiritsa. Homuweki ya a open kawirikawiri sichongedwa, poti makope ndi ambiri ndipo palibe amafunsa. Oyendera sukulu ochokera ku divishoni amabwera m'mawa, ndipo 2 koloko ikamakwana galimoto yawo yapita. Kukanakhala kuti wina amabwera Lachitatu 4 koloko n'kudzaona chimene chikuchitika m'makalasimo, zina zikanasintha popanda kuwonjezera tambala. Komanso ife tomwe timawaona anawa ngati achiwiri. Pa tsiku la mphatso amaitanidwa mochita kukumbukira. Mabuku atsopano akabwera, amayamba a m'mawa. Mwana amaziona zimenezi, ndipo amayamba kudziona choncho iye mwini.

Nanga okhozawo amapita kuti? Ku yunivesite amapita ochepa kwambiri, ndipo pafupifupi onse amachokera m'gulu la obwereza. Chaka chimene mmodzi wasankhidwa kupita ku MUBAS, imene ife akale timaitchabe Poly, kapena ku UNIMA ku Zomba, timamuitana adzalankhule kwa anzake, ndipo amabwera atavala jekete lobwereka. Ambiri njira yawo ndi ina. Amafunsira malo m'makoleji a ntchito zamanja a TEVETA monga Soche Technical, kukaphunzira zamagetsi, zomanga, zowotcherera. Ena amapita ku TTC kukaphunzira uphunzitsi wa pulayimale. Ena amadikira kuti apolisi, asilikali kapena a zaumoyo alengeze kuti akulemba anthu, poti konseko amayamba afunsa MSCE. Ndipo ena sapita kulikonse, amangobwerera pa ntchito yawo yomweyo ndi pepala m'manja, kukadikira mpata. Mayi wina wogulitsa nsomba zouma anandiuza kuti iye satifiketiyo saifunira ntchito. Ankafuna kuti mwana wake wa Fomu 2 asadzamuuzenso kuti "amayi, izi simungazimve." Anakhoza ndi makirediti awiri, ndipo akugulitsabe nsomba.

Kwa inu makolo amene mwana wanu sanatuluke pa selekishoni ndipo mukuganiza za open, musayambire pa pepala la pakhoma. Pitani pa sukulupo pakati pa sabata, cha m'ma 3 koloko, osawauziratu. Onani ngati m'kalasi iliyonse muli mphunzitsi ataimirira. Pemphani kope la Chingerezi la mwana aliyense wa Fomu 2, muone tsiku lomaliza limene munadutsa cholembera chofiira. Funsani woyang'anira kuti mwa amene akhoza chaka chatha, ndi angati anayambira Fomu 1 pomwepo ndipo ndi angati anabwera kudzabwereza. Akayamba kuzungulira, mwamva kale. Ndipo mukamulembetsa mwanayo, m'mawa wake muuteteze. Maola awiri okha pa tebulo ndi buku, asanagwire ndowa kapena beseni la mandasi. Laibulale ya National Library Service ilipo m'tauni muno, ndipo a Fomu 3 ndi Fomu 4 amene amakwanitsa kupitako m'mawa ndimawazindikira pa chimangirizo chawo ndisanaone dzina.